Landilodi wakukanani nyumba chifukwa ndinu a LGBT? Nazi zoti muchite, makamaka ngati muli ku America

Mnzanga wina ndi mkazi mnzake amene amakhala naye anapita kukaona nyumba ya lendi, chipinda chogona chimodzi, pabalaza, kitchini yaing'ono koma yabwino. Pa foni landilodi anali wokoma pakamwa, bwerani ndithu nyumba ilipo. Atafika anawalowetsa, anawaonetsa makabati, anatsegula mpope kuti aone mmene madzi akutulukira, kenako anafunsa kuti nanga winayu azigona kuti poti chipinda ndi chimodzi. Iwo anangoyankha kuti ndife banja. Bamboyo anangoti duu, makiyi aja kubwezera mthumba, n'kunena kuti awaimbira. Mawa lake kunabwera meseji yoti pepani nyumba ija yatengedwa. Patatha masabata awiri malonda a nyumba yomweyo anali akadali pa intaneti, mtengo womwewo, zithunzi zomwezo.

Anthu ambiri a LGBT, ndiye kuti amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, okonda mbali zonse ndi a transgender, zikawachitikira zimenezi amangomeza mate n'kupita kukasaka kwina, ndipo ine sindiwaweruza chifukwa munthu amene akusowa pogona mwezi wamawa alibe mtima wa milandu. Koma zimandiwawa kuona kuti ambiri amachoka asakudziwa kuti lamulo linali kumbali yawo, ndipo amene akudziwawo amadzakumbuka umboni utafufutika kale kapena nthawi yodandaulira itadutsa. Nkhani yonse yagona pamenepa, umboni ndi nthawi, kenako kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Poyamba mudziwe kuti lamulo likuti chani

Lamulo la dziko lonse la America pa nkhani ya nyumba limatchedwa Fair Housing Act. Pulezidenti Lyndon Johnson analisayinira pa 11 April 1968, patangotha sabata imodzi Martin Luther King Jr. ataphedwa. Poyamba linkaletsa tsankho la mtundu, khungu, chipembedzo ndi dziko limene munthu anachokera. Mu 1974 anawonjezerapo kusala munthu chifukwa ndi mwamuna kapena mkazi, mu 1988 anawonjezera ulumali komanso mabanja okhala ndi ana. Mukaliwerenga lonse simupezamo mau oti gay kapena transgender (munthu amene anabadwa mwamuna koma amadzidziwa kuti ndi mkazi, kapena mosemphanitsa) ayi, ndipo apa ndi pamene pakhala pali kukokanakokana zaka zonsezi. Bilu ina yotchedwa Equality Act imene ikanalemba mau amenewa momveka inadutsa ku nyumba ya malamulo ya House of Representatives mu 2019 ndi 2021 koma ku nyumba inayo ya Senate sinadutse.

Chimene chinasintha zinthu ndi mlandu wa Bostock v. Clayton County umene khoti lalikulu la Supreme Court linagamula pa 15 June 2020, majaji 6 kuvomereza 3 kukana. Mlanduwo unali wa pantchito osati wa nyumba, koma mfundo yake ndi yosavuta kumva. Ukamuchotsa ntchito mwamuna chifukwa ali ndi chibwenzi chachimuna pomwe mkazi amene ali ndi chibwenzi chachimuna sungamuchotse, ndiye kuti chakuwawa iweyo ndi choti munthuyo ndi mwamuna, ndipo kumeneko ndi kusala kumene lamulo linaletsa kale. Poti Fair Housing Act nalo lili ndi mau ofanana, mu February 2021 unduna woona za nyumba wa HUD unalengeza kuti uzilandira madandaulo a anthu a LGBT pansi pa lamuloli. Koma mu January 2025 boma latsopano linafufuta lamulo la pulezidenti limene chilengezocho chinatsamirapo, ndipo mu February 2025 nduna ya HUD Scott Turner inalamula kuti asiye kutsatira lamulo la mu 2016 limene linkati m'malo ogona anthu osowa pokhala olandira ndalama za HUD, munthu wa transgender alandiridwe malingana ndi mmene amadzidziwira.

Ndiye musadabwe mukamva wina akuti ndinu otetezedwa wina akuti ayi, aliyense akugwira mbali yakeyake ya njovu. Chimene chimasinthasintha ndi chidwi cha boma limene lili pampando. Mau a lamulo la 1968 aja sanasinthe, chigamulo cha Bostock chikadalipo, ndipo khomo la khoti ndi lotsegula. Ngakhale Bostock asanabwere, mu 2017 khoti la federal, ndiye kuti la boma la dziko lonse, ku Colorado pa mlandu wa Smith v. Avanti linapeza landilodi wolakwa chifukwa chokana banja la akazi awiri, mmodzi mwa iwo wa transgender, lokhala ndi ana awo. Landilodiyo anachita kulemba yekha mu imelo kuti banjalo ndi lachilendo ndipo likopa maso a anthu. Kumbukirani zimenezi, analemba yekha. Tibwererako.

Kwa ine, khomo loyamba kuliyang'ana masiku ano ndi la state imene mukukhala komanso mzinda wanu. Ma state oposa 20 pamodzi ndi Washington DC ali ndi malamulo awoawo amene amatchula poyera kuti landilodi asasale munthu chifukwa cha amene amamukonda kapena mmene amadzidziwira, ndipo apa palibe zotanthauzira mozungulira, zalembedwa basi. Wisconsin ndi imene inayamba mu 1982 pa nkhani ya amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo, Minnesota mu 1993 inakhala yoyamba kuphatikizapo a transgender, New York inawonjezera a transgender mu 2019, Virginia inabwera mu 2020, Michigan mu 2023. Zimabwereranso m'mbuyo, Iowa mu 2025 inachotsa a transgender pa mndandanda wa otetezedwa. Choncho musadalire zimene munamva zaka zitatu zapitazo, lowani pa webusaiti ya ofesi ya civil rights kapena human rights ya state yanu muwerenge zimene zilipo lero. Ndipo ngakhale state yanu ilibe lamulo, mzinda kapena county imatha kukhala ndi lake, ambiri sadziwa zimenezi. Safunsa anadya phula abale.

Tsankho silibwera litavala yunifomu

Landilodi wonena poyera kuti sindifuna anthu ngati inu ndi wosowa masiku ano. Ambiri amachita ngati bambo uja, nyumba yatengedwa. Ena amakweza dipoziti kwa inu nokha, ena amafuna mapepala ambirimbiri amene ena sakufunsidwa, ena amakuuzani mokoma kuti dera lino si lanu mungasangalale kwakuti, ena sayankha n'komwe. Mu 2013 HUD inatulutsa kafukufuku wa malonda a nyumba a pa intaneti ndipo anapeza kuti maimelo ochokera kwa mabanja a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ankayankhidwa mochepa kuyerekeza ndi a mwamuna ndi mkazi. Kungokhala chete, ndipo wotumizayo sadziwa kuti chachitika ndi chani.

Mukalowa kale mnyumbamo likhoza kubwera mwa njira ina, kukuletsani alendo pomwe aneba akulandira alendo, kusakonza zinthu zoonongeka kwa inu nokha, kukana kulemba mnzanuyo pa pangano la lendi, kukana kuwonjezera pangano chaka chikatha atangodziwa, kapena kumangokutchulani dzina lakale mwadala pofuna kukunyozani. Lamuloli limakhudzanso kugula nyumba, ngongole ya nyumba ku banki ndi inshuwalansi, si lendi yokha.

Pali mfundo ina imene ndikufuna muisunge. Ngati landilodi wakukanani poganiza kuti muli ndi HIV, kaya muli nako kaya mulibe, kumeneko ndi kusala pa ulumali ndipo pamenepo lamulo la federal silikayikitsa konse. Chimodzimodzi ngati anasintha nkhope atamva kalankhulidwe kanu kapena ataona khungu lanu. Nthawi zambiri zifukwa zimabwera zosakanikirana, ndiye polemba dandaulo lembani zonse zimene mukuona kuti zinalipo, musasankhe chimodzi chokha.

Komanso tinene zoona, si kukanidwa kulikonse kumene kuli tsankho. Landilodi ali ndi ufulu wokana munthu amene malipiro ake sakukwana, amene mbiri yake ya ngongole ndi yoipa kapena amene anasiya ngongole ya lendi kwina, bola muyezo umenewo azigwiritsa kwa aliyense mofanana. Funso loti muzidzifunsa ndi lakuti, munthu wina wa malipiro ngati anga, mapepala ngati anga, akanamuchita zomwezi? Ndipo inuyo pa fomu musaname chilichonse ngakhale chaching'ono, bodza limodzi limampatsa landilodi chifukwa chabwino chobisalirapo. Simukukakamizidwa kunena kuti ndinu ndani kapena mumakonda ndani, koma za malipiro, ntchito ndi chiwerengero cha anthu okhala mnyumbamo nenani zoona.

Tsiku lomwelo, musanagone

Apa ndiye ndikhalitsepo chifukwa milandu yambiri imafera pamenepa. Mukangoona kuti china chake sichili bwino, khalani pansi mulembe zonse zikadali zotentha mmutu, tsiku, nthawi, adiresi ya nyumba, dzina la munthu amene munalankhula naye ndi udindo wake, mau enieni amene ananena osati mmene inu munawamvera, amene analipo, ngakhale zinthu zooneka zazing'ono ngati funso lija loti winayu azigona kuti. Mukatha mudzitumizire nokha pa imelo kuti pakhale deti yosatsutsika. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzaiwala ngati linali Lachiwiri kapena Lachinayi ndipo loya wa mbali inayo adzakakamira pomwepo.

Kenako ma screenshot. Malonda a nyumbayo, mtengo, deti, mameseji onse kuyambira woyamba uja pamene anali wokoma, mbiri ya mafoni amene munaimba, lisiti ya ndalama ya fomu ngati munalipira. Anzanga aja meseji yoti nyumba yatengedwa anaifufuta usiku womwewo chifukwa cha kupsa mtima, mkazi wake anati samafuna kuionanso akatsegula foni. Ndinamumvetsa koma mtima unandiwawa. Mwayi unali woti pa foni ya mnzakeyo panali patatsala screenshot imene anatumizirana masana. Musafufute kanthu, ngati zikukupwetekani kuziona zitumizeni kwa munthu amene mumamukhulupirira azisunge. Ndipo muzibwerera pa malonda aja masiku angapo aliwonse n'kujambulanso, chifukwa nyumba imene akuti yatengedwa koma ikutsatsidwabe ndi umboni wamphamvu kwambiri.

Chachitatu, mukokereni landilodi ku zolemba. Musamutukwane, musamuopseze ndi khoti, musamuuze n'komwe kuti mukumukayikira. Lembani mwaulemu zinthu ngati izi, zikomo potionetsa nyumba Loweruka, tamva kuti yatengedwa, tikufuna tidziwe ngati panali vuto ndi fomu yathu komanso ngati pali nyumba ina imene itseguke posachedwa. Basi. Akayankha kuti yatengedwa mwamugwira ndi malonda aja, akayankha kuti malipiro anu ndi ochepa muli ndi mapepala otsutsa, akalankhula zakukhosi ngati wa ku Colorado uja ndiye wakulemberani mlandu yekha. Akaimba foni mmalo molemba, mukatha kulankhula mutumizireni meseji yobwereza zimene wanena, monga mwanenera pa foni lero kuti zakutizakuti.

Pa zojambula mau mobisa samalani. Ma state ambiri amalola ngati inuyo muli mbali ya zokambiranazo, koma ena monga California amafuna kuti onse olankhula avomereze, ndipo mukhoza kudzipezera mlandu nokha. Fufuzani kaye.

Tsopano pali chida chimene anthu ambiri sachidziwa, amachitcha testing. Mabungwe oona za chilungamo pa nyumba, amene ambiri ali pansi pa National Fair Housing Alliance, amatumiza anthu ophunzitsidwa kukanamizira kufuna nyumba yomweyo, awiri ofanana pa zonse, malipiro, ntchito, msinkhu, kusiyana chinthu chimodzi chokha, wina akuti ndikhala ndi mkazi wanga wina akuti ndikhala ndi mwamuna mnzanga. Wina akauzidwa kuti ilipo wina kuti yatengedwa, nkhani yatha. Makhoti amavomereza umboni umenewu, Supreme Court inavomereza kale mu 1982 pa mlandu wa Havens Realty v. Coleman kuti ngakhale woyesayo akanamizidwa akhoza kusuma. Koma testing imagwira ntchito nyumba ikadali pa msika, ikangolowa munthu mwayi wapita, n'chifukwa chake ndikuti imbirani bungwe la fair housing la dera lanu sabata yomweyo, ndipo thandizo lawo nthawi zambiri ndi laulere. Mukhoza kutuma mnzanu kuti aimbe foni afunse ngati nyumba ilipo ndipo zimathandiza, koma a bungwe amadziwa kulemba lipoti loti likaima pa khoti.

Nyumba zimene lamulo la federal silifikako

Ndibwino mudziwiretu kuti musadzakhumudwe. Ngati nyumbayo ili ndi magawo anayi kapena ochepera ndipo mwini wake amakhala mu gawo limodzi, Fair Housing Act silimukhudza pa nkhani yosankha wolowa, ku America amati Mrs. Murphy exemption. Chimodzimodzi munthu amene ali ndi nyumba zoima pazokha zosaposa zitatu ndipo akubwereketsa yekha popanda ejenti. Mabungwe achipembedzo ndi makalabu nawo ali ndi mpata wina wosankha mamembala awo. Ndipo ngati mukufuna kukakhala chipinda mnyumba imodzi ndi munthu, kugawana kitchini ndi bafa, khoti la apilo la Ninth Circuit linanena mu 2012 kuti kusankha wokhala naye koteroko lamuloli silikulowerera.

Koma musafulumire kugwa ulesi. Ngakhale alandilodi a Mrs. Murphy aja saloledwa kulemba malonda kapena kulankhula mau osonyeza tsankho, ndipo malamulo a ma state ambiri mpata umenewu anauchepetsa. Musadzigamulire nokha kuti ine lamulo silinditeteza, lolani a bungwe kapena loya aone.

Kukadandaula

Masiku owerengera ndi awa. Ku HUD muli ndi chaka chimodzi kuchokera tsiku limene zinachitika, kapena tsiku lomaliza ngati zakhala zikuchitika mobwerezabwereza. Kukasuma ku khoti pansi pa Fair Housing Act muli ndi zaka ziwiri, ndipo simukuyenera kudzera ku HUD kaye. Ku ma state ndiye kumasiyana ndipo kwina ndi kwakufupi, Pennsylvania ndi masiku 180, Massachusetts ndi masiku 300. Zengerezu analinda kwaukwau, lembani deti yomaliza pa kalendala lero.

Dandaulo la ku HUD kapena ku ofesi ya state ndi laulere ndipo silifuna loya. Mukhoza kulipereka pa intaneti, pa foni kapena pa kalata. Amafuna dzina lanu ndi mokupezerani, dzina ndi adiresi ya amene mukumudandaulira, adiresi ya nyumbayo, madeti, ndi kufotokoza mwachidule chimene chinachitika komanso chifukwa chimene mukuganizira kuti ndi tsankho. Lembani motsatira madeti, mau ochepa, zinthu zenizeni. Mmalo molemba kuti anatinyoza kwambiri, lembani kuti pa deti yakuti anafunsa zakuti, titayankha kuti ndife banja anasiya kutionetsa nyumba, pa deti yakuti analemba kuti yatengedwa, pa deti yakuti malonda anali akadalipo. Wofufuza amafuna zoti angathe kuzitsimikiza. Tumizani makope, zenizeni sungani nokha.

Mmene zinthu zilili kuyambira 2025, ngati state kapena mzinda wanu uli ndi lamulo lotchula a LGBT poyera, ine ndingayambire kumeneko. Ngati mulibe, lankhulani ndi loya musanasankhe njira. Legal aid ya dera lanu imathandiza anthu opeza zochepa, ndipo mabungwe monga Lambda Legal ndi ACLU akhala akutenga milandu yotereyi. Musaope kuti loya ndi wodula musanafunse, chifukwa pa lamuloli mukapambana khoti likhoza kulamula mbali inayo kulipira loya wanu, ndiye maloya ena amavomera kutenga mlandu osakulipiritsani patsogolo.

Dandaulo likalandiridwa landilodi amadziwitsidwa ndipo amapatsidwa mpata woyankha. Wofufuza amafunsa mbali zonse, amaona mapepala, ndipo nthawi yomweyo amayesa kukugwirizanitsani kuti nkhani ithe mokambirana. Lamulo limati HUD iyesetse kumaliza kufufuza m'masiku 100 koma nthawi zambiri zimapitirira, konzekerani kudikira. Pa zokambirana zija simukukakamizidwa kuvomera chilichonse, ndipo musasayine pepala musanalimvetse chifukwa mukasayina nkhani yatsekedwa. Zimene mungapeze ndi ndalama zimene munaononga, monga kusiyana kwa lendi ngati munakalowa nyumba yodula, masiku ogona ku hotela, ndalama ya mafomu, chipukuta misozi cha kuvutika mumtima, nyumbayo ngati ikadalipo ndipo mukuifunabe, komanso lamulo loti landilodi asinthe kachitidwe kake. Choncho malisiti onse a nthawi imeneyi sungani, ndipo ngati munapita kwa dokotala kapena kwa aphungu chifukwa cha kusowa tulo ndi nkhawa, zimenezonso ndi umboni.

Pali mantha awiri amene ndimawamva kawirikawiri ndipo onse ndi omveka. Oyamba ndi oti abale anga sadziwa za ine, nanga dzina langa likatuluka? Mlandu wa ku khoti umakhala poyera, izi ndi zoona. Loya akhoza kupempha jaji kuti mugwiritse dzina lobisa koma jaji ndi amene amagamula. Muuzeni loya kapena a bungwe za mantha amenewa pa tsiku loyamba kuti akusankhireni njira yoyenera, ndipo dziwani kuti ngakhale inu mutasankha kusapitiriza, bungwe likhoza kuchita testing n'kumutengera landilodiyo ku mlandu palokha. Achiwiri ndi a mapepala okhalira m'dzikomo. Fair Housing Act limateteza munthu aliyense osati nzika zokha, komabe ngati mapepala anu sali bwino yambani mwalankhula ndi loya kapena bungwe loima palokha musanalembe dzina lanu ku ofesi ya boma iliyonse.

Ngati muli kale mnyumbamo

Apa pamafunika mutu wozizira. Lendi pitirizani kulipira pa nthawi yake ndipo muzilipira mwa njira yosiya umboni, chifukwa mukangosiya kulipira pokwiya mwampatsa chifukwa chovomerezeka chokutulutsirani. Dandaulo lililonse lipite molemba. Ngati akukuzunzani ndi aneba, kukutukwanani pa masitepe, kulemba zonyoza pa chitseko, kukuopsezani, mulembereni landilodi kapena manijala nthawi iliyonse zikachitika, ndi deti yake. Mu 2018 khoti la apilo la Seventh Circuit pa mlandu wa Wetzel v. Glen St. Andrew Living Community linamva nkhani ya mayi wachikulire ku Illinois amene ankatukwanidwa, kulavuliridwa ndi kumenyedwa ndi okhala nawo pa malo okhala okalamba atadziwa kuti anali pa banja ndi mkazi mnzake, ndipo khoti linati landilodi amene akudziwa za nkhanza zotere koma osachitapo kanthu akhoza kuimbidwa mlandu. Si makhoti onse amene amaona chimodzimodzi, koma mau ofunika ndi oti akudziwa, ndipo njira yosonyeza kuti ankadziwa ndi makalata anu aja. Zikafika pa kumenyedwa kapena kuopsezedwa moyo imeneyo ndi nkhani ya apolisi, ndipo nambala ya lipoti isungeni.

Landilodi akakubwezerani chifukwa mwadandaula, kukweza lendi mwadzidzidzi, kukupatsani notisi, kukuopsezani, umenewo ndi mlandu wina pawokha pansi pa lamulo lomwelo, ndipo limatetezanso mnzanu kapena neba amene wakuikirani umboni. Kusintha maloko, kudula madzi ndi magetsi kapena kutaya katundu panja popanda chilolezo cha khoti ndi koletsedwa pafupifupi m'ma state onse. Ndipo mukalandira samani ya mlandu wokutulutsani chonde pitani ku khoti pa tsikulo ngakhale mukuona kuti dandaulo lanu lili kale ku ofesi ina, chifukwa mukapanda kupita jaji amagamula inu kulibe, ndipo mbiri yotulutsidwa mnyumba imakutsatirani kulikonse mukafuna lendi.

Kwa amene muli ku South Africa ndi ku UK

Ku South Africa lamulo ndi lomveka kuposa ku America. Gawo 9 la malamulo aakulu a dzikolo a 1996 limaletsa poyera kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo Rental Housing Act ya 1999 imaletsa landilodi kusala pa chifukwa chimenechi potsatsa nyumba, pokambirana pangano ngakhale munthu atalowa kale. Makomo ndi awiri ndipo onse ndi aulere. Province iliyonse ili ndi Rental Housing Tribunal yomva mikangano ya landilodi ndi wochita lendi, ndipo pali Equality Court imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000 lolimbana ndi tsankho, mumaipeza ku khoti la majisitireti, mumapita kwa kalaliki n'kudzaza fomu, loya sakufunika. South African Human Rights Commission nayo imalandira madandaulo. Kutulutsa munthu mnyumba popanda chilolezo cha khoti ndi koletsedwa ndi lamulo la PIE la 1998, ndiye landilodi amene akuti pofika Lachisanu ndipeze mwachoka apo ayi nditaya katundu panja, iyeyo ndi amene akuswa lamulo. Vuto kumeneko ndi loti anthu ambiri amachita lendi zipinda za kuseri kwa nyumba popanda pepala lililonse, kulipira ndalama pamanja. Pangano la pakamwa nalo ndi pangano, koma lipirani kudzera ku banki kapena funani lisiti mwezi uliwonse, ndipo mameseji a pa WhatsApp musafufute.

Ku England, Wales ndi Scotland kuli Equality Act ya 2010 imene imateteza onse, okonda amuna kapena akazi anzawo komanso a transgender, kwa alandilodi ndi ma ejenti omwe, kupatula malo ena aang'ono amene mukugawana zipinda ndi mwini nyumba. Northern Ireland ili ndi malamulo akeake. Mabungwe a Citizens Advice ndi Shelter amalangiza mwaulere. Mlandu umapita ku county court, ku Scotland amati sheriff court, ndipo nthawi yake ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha kuchokera tsiku limene zinachitika.